Tisangowaponyera foni, tikhale nawo pansi tionere Kirikou

Makolo ambiri akamasankhira ana filimu amakhala ndi funso limodzi lokha: kodi mulibe zolaula? Akangomva kuti ndi katuni, mtima uli m'malo. Foni kapena rimoti ipite m'manja mwa mwana, mayi abwerere kumbaula, bambo akaone mpira, m'nyumba muli zii kwa maola awiri. Sindikunyoza munthu, kulera kumatopetsa, ndipo bata la maola awiri si lolipeputsa. Koma funso lija ndi losakwanira. Filimu itha kukhala yopanda cholaula chilichonse n'kukhalanso yopanda kanthu m'kati mwake, phokoso ndi mitundu yothobwa m'maso basi, mwana n'kudzuka pamenepo maso ali psuu, mukamufunsa zimene waona angoti, "Amathamangitsana."

Ine ndikuti banja limene lili ndi TV, laputopu ngakhale foni yokulirapo liyeseko mafilimu a ana opangidwa m'Chifalansa, ndipo munthu wamkulu akhale nawo pamphasa kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Opanga mafilimu a ku France, Belgium ndi Switzerland ali ndi khalidwe limene kwina ndi losowa: mwana samuyesa kachitsiru kongofunika kukasangalatsa. Amamuuza za imfa, za njala, za nkhanza za akuluakulu, koma mwaulemu ndiponso molingana ndi msinkhu wake, ndipo kawirikawiri amamusiya ndi funso loti apite nalo kwa makolo ake. Nanga kholo likakhala kuti lili kukhitchini, funsolo lipita kwa yani?

Ana athu anayamba kale kuonera za ku France osadziwa. Timinion tachikasu tija amatijambula ku Paris, ndipo amene amatiyankhulira chinenero chosamveka mutu chija ndi Mfalansa, Pierre Coffin. Oggy, mphaka wolimbana ndi mphemvu zitatu, ndi wa kampani ya Xilam ya ku Paris komweko, ndipo anayamba kuoneka mu 1998. Miraculous, ya kamtsikana kovala zofiira za mawanga akuda, ndi ya ku France nayonso. Zimenezo anazipanga kuti zigulitsidwe dziko lonse, ndipo sizisiyana kwenikweni ndi za ku America. Zimene ndikunena ine ndi zamtundu wina.

Ndiyambe ndi Kirikou et la Sorcière, imene inatuluka mu December 1998. Anaipanga ndi Michel Ocelot, Mfalansa amene ubwana wake unathera ku Guinea. Nyimbo zake anapeka ndi Youssou N'Dour wa ku Senegal, ndipo mawu a anthu a m'filimuyo anakawajambulira ku Dakar, kotero Chifalansa chimene mumamva ndi chotuluka pakamwa pa anthu a kumadzulo kwa Africa. Nkhaniyo imayamba mwana akuyankhula adakali m'mimba, kuuza mayi ake kuti amubereke. Mayiyo, osadzidzimuka n'komwe, amamuyankha kuti mwana woyankhula m'mimba angathe kudzibereka yekha, ndipo kamwanako kamatulukadi kokha. Amene anakula akumva za Kalikalanje sadabwa nazo zimenezi.

M'mudzi mwa Kirikou kasupe anaphwa. Amuna anapita kukamenyana ndi mfiti yaikazi dzina lake Karaba ndipo sanabwerere, anthu amati inawadya. Golide wa amayi imalanda, nyumba ya wobisa kake imaotchedwa. Kirikou ndi kamwana kofika m'mawondo mwa anzake, kothamanga ngati mphepo, ndipo kamapulumutsa ana anzake kawiri konse iwo akukanyoza. Koma chimene chimayendetsa filimuyi ndi funso limene kamafunsa munthu aliyense: n'chifukwa chiyani Karaba ndi woipa? Nkhalamba ya pansi pa mtengo imayankha kuti chifukwa ndi mfiti, basi, ndipo imakwiya nawo mafunsowo. Kirikou sakhutira. Amakumba njira pansi pa nyumba ya Karaba mpaka kukatulukira kuphiri kumene kuli agogo ake, nkhalamba yanzeru imene khomo lolowera kwake lili pachulu chachikulu. Agogowo amamuuza zimene mudzi wonse sunafune kudziwa. Karaba sanadyepo munthu. Chilombo chimene chinkamwa madzi a pakasupe sanachiikemo ndi iye. Amangowasiya anthu akhulupirire zimenezo kuti azimuopa. Koma pamsana pake, pamene dzanja lake silifika, pali munga wa ululu umene amuna ena anamukhomerera atamugwira mwamphamvu, ndipo umamupweteka usana ndi usiku. Kirikou amakauzula mungawo ndi mano.

Mwana amaona munga. Wamkulu amene wakhala pambali pake amazindikira kuti mungawo ukunena za nkhanza zimene amuna amachitira akazi, ndipo palibe paliponse pamene filimuyo ikuonetsa zoti mwana sangaone. Luso ndi limenelo.

Tsono taganizani mwana wa kuno akuonera zimenezi. Iye anamva kale kuti agogo akutiakuti a kuseri kwa dimba ndi mfiti, osapita kwawo, osalandira chakudya chawo. Mu January 2016 ku Neno anthu anapha okalamba anayi powaganizira kuti ndiwo anatumiza mphezi imene inapha mtsikana wina. Lamulo la za ufiti la 1911 limaletsa kunena munthu kuti ndi mfiti, koma lamulolo limagona m'mabuku, ndipo chaka ndi chaka timawerenga za okalamba omenyedwa ndi ootcheredwa nyumba. Kumapeto kwa Kirikou kuli malo amene ndimafuna mwana aliyense atawaona: Karaba wachira, mphamvu zake zatha, wabwera kumudzi mwamtendere, ndipo ndi pamenepo pamene anthu akutola ndodo kuti amuphe. Pamene anali woopsa ankamugwadira, atafooka ndiye alimba mtima. Gulu la anthu okwiya limatero kulikonse, ndipo okalamba amene timawagenda sakhala amphamvu, amakhala amene alibe wowateteza.

Wina anena kuti m'filimuyo Karaba ali ndi matsenga enieni, ndiye mwana sakhulupirira kwambiri za ufiti? Makolo ena opemphera amakana chilichonse chotchula mfiti m'nyumba mwawo. Ndikuwamvetsa, koma ndikuona kuti akutseka khomo lolakwika. Mawu akuti mfiti mwana awamva ndithu, kusukulu, kuchitsime, m'mafilimu a ku Nigeria ngakhale kutchalitchi kumene, ndipo pafupifupi konseko mfitiyo imathera kupsa ndi moto anthu akuwomba m'manja. Kirikou ndi nthano imene mwana wake wolimba mtima amapambana chifukwa chofunsa, ndipo mdani amamuchiza m'malo momupha. Katuni singaletse gulu lonyamula miyala. Koma mwana amene anazolowera kufunsa kuti munthuyu chinamuchitikira n'chiyani amavuta kumukokera m'gulu lotero.

Pali zina ziwiri zoti mukonzekere. Amayi a m'filimuyi ali mabere pamtunda ndipo ana ali chibadwire. Ogulitsa mafilimu ankafuna kuti Ocelot awaveke, iye anakana, ndipo ku America ndi ku Britain filimuyo inavutika kupeza oionetsa pa chifukwa chimenecho. Kwa ine iyi si nkhani. Mwana amene amaona mayi akuyamwitsa m'minibasi tsiku ndi tsiku aseka mphindi ziwiri zoyamba kenako aiwala, chifukwa ojambulawo sanajambule matupiwo mokopa. Chimene chimandivuta ine ndi mathero. Kirikou amapempha Karaba ukwati, Karaba amamupsompsona, ndipo kamwana kaja kamasanduka mwamuna wamkulu nthawi yomweyo. M'nthano zimenezi zimachitika, koma m'dziko limene tikulimbana ndi maukwati a ana ndibwino kholo linene poyera kuti izi ndi za m'nthano, mwana sakwatira. Apanso mukuona kufunika kokhalapo.

Nanga chinenero? Ambirife Chifalansa chathu chimathera pa moni. Yankho loyamba ndi lakuti ena mwa mafilimu okoma kwambiri a ku France alibe mawu n'komwe. Minuscule: La Vallée des fourmis perdues, ya Thomas Szabo ndi Hélène Giraud, imene inapata César, mphoto yaikulu ya mafilimu ku France, mu 2015, ndi nkhani ya nyerere zakuda zimene zatola chitini cha shuga choiwalidwa kutchire, ndipo zikuchisenza kupita nacho kwawo nyerere zofiira zili pambuyo. Kachilombo kena kothyoka phiko kanabisala m'chitinimo n'kukhala bwenzi lawo. Nkhalango, mitsinje ndi miyala ndi zenizeni, anazijambula ndi kamera m'mapiri a ku France, tizilombo tokha ndito ta pakompyuta. Palibe woyankhula. Nyerere zimaimba likhweru, ntchentche zimalira ngati njinga zamoto, ndipo pankhondo yomaliza zofiira zija zimabwera ndi legeni ndi chitini cha mankhwala opopera tizilombo. Mwana wa zaka zinayi ndi agogo ake amasekera malo amodzi.

Palinso Le Ballon rouge ya Albert Lamorisse, ya 1956, yotalika mphindi 34 zokha. Kamnyamata ka ku Paris, kamene ndi mwana wake weniweni wa Lamorisse, kamapeza baluni yofiira, ndipo baluniyo imayamba kukatsatira kusukulu ndi kukadikira panja, mpaka anyamata ansanje akuisaka kuti aiphulitse. Mawu ake mutha kuwawerenga ndi zala, koma inapata Oscar ya nkhani yolembedwa bwino. Mu 2024 kunatuluka Flow, ya Gints Zilbalodis wa ku Latvia mothandizana ndi makampani a ku France ndi Belgium, imene inapata Oscar mu 2025: mphaka ali m'bwato ndi nyama zina madzi atamiza dziko lonse, ndipo palibe liwu la munthu. Ndi yokongola, koma ngati mwana wanu anaona madzi ndi matope a namondwe wa Freddy mu March 2023, yambani mwaionera nokha.

Yankho lachiwiri ndi inuyo. Ambiri mwa mafilimuwa amabwera ndi mawu a Chingerezi olembedwa m'munsi, ndipo mwana wa Sitandade 3 sangawerenge pa liwiro limenelo. Ndiye wamkulu awerenge, azimufotokozera m'Chichewa. Si zachilendo kuno. Anyamata otanthauzira mafilimu a Chitchaina ndi Chihindi anatisonyeza kale kuti Mmalawi amaonera filimu ya chinenero chilichonse bola pakhale womuuza zimene zikunenedwa, ndipo mavidiyo sho amadzaza nawo. Chitani zomwezo pakhomo panu, kungochotsako nthabwala zotukwana. Wofotokozayo amakhala ngati agogo oyamba padangokhala, ana akuvomera kuti tili tonse: amaona nkhope, akaona kuti wina waopa amachepetsa mawu, wina akafunsa amaimitsa filimu n'kuyankha. N'chifukwa chake ine ndimasankha ya Chifalansa ngakhale pamene ya mawu a Chingerezi ilipo. Ya Chingerezi imakupatsani mpata wozemba kukachapa mbale, pomwe ya Chifalansa mukangodzuka ana akukuitanani, "Amama, akuti chiyani?"

Ernest et Célestine, ya 2012, inachokera m'mabuku a Gabrielle Vincent wa ku Belgium, ndipo zithunzi zake ndi za utoto wa madzi, zofatsa, m'mbali mwake pepala loyera likuonekera. Zimbalangondo zimakhala pamtunda, mbewa pansi pa nthaka, ndipo mtundu uliwonse umalera ana ake powaopseza ndi unzake. Tiana ta mbewa amatituma usiku kukatola mano oguluka a ana a zimbalangondo, chifukwa kwawo ntchito yaulemu ndi udokotala wa mano, koma kambewa kena, Célestine, kamafuna kujambula. Ernest ndi chimbalangondo chanjala choimba m'misewu, ndipo atamupeza Célestine m'bini ya zinyalala choyamba anafuna kumudya. Ndimakonda kabanja kena ka zimbalangondo m'filimuyi: bambo ali ndi sitolo ya masiwiti pafupi ndi sukulu, mayi ali ndi sitolo ya mano tsidya lina la msewu womwewo, ndipo mwana wawo yekha ndiye woletsedwa kudya shuga. Ana amaseka, akuluakulu amayang'anana. Pamapeto awiriwo amaimbidwa mlandu, aliyense kubwalo la mtundu wa mnzake, ndipo mlandu weniweni ndi woti anakhala paubwenzi. Kwa mwana amene wayamba kumva kuti a chigawo chakuti ndi otere, a mtundu wakuti musawakhulupirire, filimuyi ili ndi zambiri zomuuza popanda kutchula mtundu wa munthu aliyense.

Yolemera kuposa zonse ndi Ma vie de Courgette ya Claude Barras wa ku Switzerland, ya 2016, imene nkhani yake anakonza ndi Céline Sciamma. Anaipanga ndi zidole za mitu ikuluikulu ndi maso aakulu, kuzisuntha pang'onopang'ono ndi manja, chithunzi chimodzichimodzi, ndipo yonse ndi mphindi 66. Mnyamata wa zaka 9, amene amamutcha Courgette, amakhala ndi mayi ake oledzera. Tsiku lina mayiyo akukwera makwerero kudzamumenya, iye mwamantha amatseka kachitseko ka kudenga, mayi n'kugwa n'kumwalira. Wapolisi wina wachifundo amamuperekeza kumalo osungirako ana, ndipo katundu amene mwanayo wanyamula ndi kaiti yake ndi chitini chopanda mowa cha mayi ake. Kumeneko amapeza anzake, aliyense ndi bala lake. Wina bambo ake ali kundende, wina makolo ake anamira m'mankhwala ozunguza bongo. Pali kamtsikana kena kamene mayi ake anathamangitsidwa m'dzikomo kubwezedwa ku Africa, ndipo galimoto ikangolira panja kamathamangira pakhomo kakuitana mayi ake. Filimuyo siliritsa mwadala, ili ndi nthabwala zambiri, ndipo chosowa kwambiri n'chakuti olera anawo ndi anthu abwino, malowo si ndende.

Apa ndi pamene ambiri angandikanire: ana athu ali kale ndi mavuto okwanira, n'kuwaonetseranji zachisoni? Ndikuti chifukwa chomwecho. Ndi makomo angati amene akulera mwana wa malemu achemwali kapena malemu achimwene? Mwanayo amadya, amapita kusukulu, koma za mayi ake palibe amamufunsa, ndipo paja pamaliro tinamuuza kuti apita ulendo. Ana a m'nyumbamo samvetsa chifukwa chimene msuweni wawo amakodzera pogona kapena amasungira kansalu kakale kosathandiza. Kukamba za Courgette ndi chitini chake n'kosavuta kusiyana ndi kukamba za mwana amene wakhala pomwepo, ndipo nthawi zina nkhani imayambira pa chidole n'kukathera pa munthu. Koma iyi si ya tiana. Ndi ya a zaka 10 kupita m'tsogolo, muli malo amene anawo akufotokozerana mwachibwana m'mene mwana amabwerera padziko, ndipo mwana amene waferedwa kumene musamukhazike pa iyo musanaganize bwino.

Mafilimu otere amafuna ndalama, ndipo chifukwa chimene amachulukira ku France si chakuti Afalansa anabadwa ndi luso loposa ena. Mu 1946 boma lawo linakhazikitsa bungwe loona za mafilimu lotchedwa CNC, ndipo kuyambira 1948 tikiti iliyonse ya kanema imadulidwa msonkho, umene masiku ano ndi 10.72 peresenti. Msonkhowo amadula ngakhale filimuyo ikhale ya ku Hollywood, koma ndalamazo zimapita kwa opanga mafilimu ndi eni nyumba za kanema a ku France. Pambuyo pake anawonjezerapo ma TV ndi makampani oonetsa mafilimu pa intaneti. Ndiye munthu wofuna kupanga filimu ya zidole yonena za ana amasiye amapeza poyambira, sadikira kuti wogulitsa zoseweretsa avomereze. Ali ndi sukulu ya ojambula ya Gobelins ku Paris, ali ndi chikondwerero cha makatuni ku Annecy chimene chinayamba mu 1960. Kirikou itaoneredwa ndi anthu oposa 1 miliyoni ku France, oika ndalama anazindikira kuti katuni yosafanana ndi ya Disney ithanso kugulitsa, ndipo Didier Brunner, amene anayendetsa za ndalama za Kirikou, ndi yemwenso anadzayendetsa za Ernest et Célestine.

Msonkho wa matikiti ife sitingautengere, nyumba za kanema zake zili kuti? Koma pali china chotheka. Kuyambira 1994 ali ndi ndondomeko yotchedwa École et cinéma, imene ana a pulaimale amapita ndi aphunzitsi awo kukaonera mafilimu osankhidwa, kawirikawiri kamodzi pa teremu, kenako n'kukakambirana m'kalasi. Pulojekita imodzi, chinsalu choyera, holo ya sukulu kapena ya mpingo, ndi mphunzitsi amene wayamba waonera yekha, zimenezi sizifuna lamulo la ku Nyumba ya Malamulo.

Ndisakuuzeni ngati zonse za ku France ndi zoyera. Africa wa m'Kirikou alibe sukulu, alibe wailesi, alibe chaka. Ndi Africa wa m'chikumbumtima cha mzungu amene anamukonda ali mwana, ndipo chikondicho chimaoneka, koma ndi chikumbumtima ndithu. Sur le chemin de l'école ya Pascal Plisson, imene inapata César mu 2014, imatsatira ana enieni a mayiko anayi popita kusukulu: Jackson wa ku Kenya ndi mlongo wake amayenda makilomita 15 akuzemba njovu, Zahira wa ku Morocco makilomita 22 m'mapiri a Atlas, Carlos wa ku Argentina makilomita 18 pahatchi, ndipo Samuel wa ku India azing'ono ake amamukankha pa njinga ya olumala makilomita 4. Ndi filimu yogwira mtima, koma mukaionetsetsa mumaona kuti anaipangira mwana wa ku France wodandaula kudzuka m'mawa, kuti achite manyazi. Mwana wa ku Ntchisi amene amawoloka mtsinje popita kusukulu aionera mwina. Afunsa kuti chodabwitsa n'chiyani, ndipo kholo lanzeru limufunsanso kuti nanga mlatho ndi sukulu yapafupi anayenera kumanga ndani, funso limene filimuyo sifunsa.

Mankhwala ake ndi kusakaniza. Pambali pa Ocelot ikanipo Djibril Diop Mambéty wa ku Senegal, amene anamwalira mu 1998 ndipo filimu yake yomaliza, La Petite Vendeuse de Soleil, inatuluka mu 1999. Ndi ya mphindi 45, ya Chiwolofu chosakaniza ndi Chifalansa, ya anthu enieni m'misewu ya Dakar. Sili ndi kamtsikana koyendera ndodo kamene agogo ake ndi osaona. Anyamata ogulitsa nyuzipepala atakagwetsa, kamasankha kuti nakonso kazigulitsa nyuzipepala, ntchito imene inali ya anyamata okha. Bambo wina atagula nyuzipepala zake zonse ndi ndalama yaikulu, wapolisi amakaganizira kuti kaba, ndipo iko kamapita nawo kupolisi kosanjenjemera n'kukawina mlanduwo. Ndalamayo kamagulira agogo ake ambulera yotchinga dzuwa. Mambéty samupemphera Sili chifundo kwa woonera, ndipo mwana wa ku Ndirande kapena ku Chawama aizindikira misewu imeneyo ngakhale sanapondeko ku Dakar.

Za kuphunzira Chifalansa ndaziika kumapeto mwadala, chifukwa filimu imodzi pa sabata siphunzitsa munthu chinenero. Koma khutu limazolowera, ndipo Chifalansa si chakutali monga timaganizira. Bungwe la mayiko oyankhula Chifalansa linati mu 2022 ochiyankhula anali 321 miliyoni, ndipo oposa theka la amene amachiyankhula tsiku ndi tsiku ali mu Africa muno. Wa ku Zambia akangowoloka pa Kasumbalesa ali m'dziko la Chifalansa. Ku Dzaleka m'boma la Dowa, msasa umene unatsegulidwa mu 1994, kuli anthu oposa 50,000, ambiri ochokera ku DRC, Burundi ndi Rwanda. SADC, COMESA ndi African Union onse amagwiritsa ntchito Chifalansa. Mwana amene anayamba wachimva akuseka ndi Ernest sadzachiopa akadzakumana nacho ku sekondale.

Vuto lenileni ndi kapezedwe. Amene ali ndi DStv ayang'ane TV5Monde, tchanelo cha Chifalansa, ndipo a ku Lusaka ali ndi Alliance Française, bungwe lophunzitsa Chifalansa ndi chikhalidwe chake. Koma tinene zoona, mafilimu ambiri amafika m'makomo mwathu pa fulashi kuchokera kwa anyamata oberna, bandulo ya intaneti ndi yodula, ndipo mwa njira imeneyo eni ntchito salandira kanthu. Oyenera kuchitapo kanthu ndi ma TV athu, kuyambira MBC. Kirikou ndi ya ola limodzi ndi mphindi zochepa, oyankhulamo si ambiri, mawu ake ndi afupiafupi ngati a m'nthano, ndipo ochita zisudzo za pawailesi amene angayankhulire Karaba, mayi ake a Kirikou ndi agogo a kuphiri tili nawo kale, timawamva sabata iliyonse. Chofunika ndi munthu mmodzi wa kumeneko kulemba kalata kwa eni filimuyo ku Paris, kufunsa mtengo wa chilolezo choimasulira m'Chichewa, n'kupita ndi mtengowo kwa makampani a mafoni ndi mabanki amene amathira ndalama pa mipikisano ya mpira, kuti ionetsedwe Loweruka m'mawa ana ali pakhomo.